Unkhoswe wa pa Foni

Unkhoswe umenewu sindinaupemphe ayi. Anachita kundiveka ngati chipewa, ine ndili phee m'galimoto kunja kwa ofesi, ndikudya mpunga wozizira wa dzulo. Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, anaimba foni kuchokera ku Mponela, mawu ake ali chimwemwe chokhachokha. Mwana wake wamkazi wapeza banja. Mnyamatayo ndi wa ku Zomba, wophunzira bwino, ndipo ali kale pa ntchito ku Canada.

"Ndiye tagwirizana kuti nkhoswe ya kuchikazi ndinu, achimwene. Malume wake ndinu, komanso muli komweko. Mulungu wachita kukonza."

Ndinamufunsa kuti ku Canada kwake kuti. Ndinamumva akufunsa munthu wina m'nyumbamo, kenako anabwerera pa foni.

"Akuti ku Calgary. Si kwanuko?"

Si kwanuko! Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwira.

Ine ndimakhala ku Oshawa, kum'mawa kwa Toronto, komwe lendi imapumirako pang'ono. Ntchito ndimagwira ku Mississauga, kumadzulo, pa kampani ina ya malole. Sindiyendetsa lole ine. Ndimakhala mu ofesi yopanda zenera, maso ali pa mapu a pa kompyuta, n'kumauza madalaivala kuti iwe tenga katundu uyu upite kwakuti, iwe upite kwakuti. Choncho mizinda ikuluikulu ya dziko lino ndimaidziwa monga mayi wa pamsika amadziwira mtengo wa tomato. Ku Ottawa, likulu la dziko, dalaivala akalawirira amakadyera nkhomaliro komweko. Ku Montreal, kolankhula Chifalansa, kungowonjezapo ola limodzi kapena kuposerapo. Ku Halifax, kunyanja yamchere ya kum'mawa, masiku awiri. Ku Winnipeg masiku awirinso, ndipo tsiku loyamba lonse munthu amakhala asanatuluke n'komwe m'chigawo chathu chino cha Ontario, kumangoona mitengo, miyala ndi madzi. Ku Calgary masiku atatu kapena anayi. Ku Vancouver ndiye munthu amayamba watsanzikana bwinobwino ndi mkazi wake.

Zonsezi ndinamuuza mlongo wanga. Ndinati ulendo wa ku Calgary uli ngati uchoke ku Lilongwe, ukafike ku Joni, n'kubwereranso. Ndinati ngakhale nthawi yathu ndi yosiyana, ife tikamadya nkhomaliro iwo amakhala akumwa tiyi wa teni koloko.

"Kutali n'kumwamba, achimwene," anatero iye. "Si dziko limodzi? Ndalama imodzi, pulezidenti mmodzi?"

Kuno kulibe ndi pulezidenti yemwe, koma ndinangozisiya.

Anthu akwathu amandipsetsa mtima pa nkhani imeneyi, ndipo sindibisa. Kwa iwo Canada ndi tauni imodzi yachisanu, yokhala ndi depoti imodzi, pomwe Amalawi tonse timakumana madzulo tikaweruka. Mkulu wina wa mpingo anandipatsirapo nsinjiro ndili ku tchuthi kumudzi, akuti ndikamusiyire mwana wake ku Vancouver ndikamapita kuntchito. Mayi wina anandikwiyira chaka chathunthu chifukwa sindinadutseko pa mwambo wa mwana wake womaliza sukulu ku Edmonton. Kudutsako! Ukayesa kufotokoza amati wayamba kudzimva, wadya za azungu, waiwala kuti chibale ndi fupa. Anthu omwewa foni ali nazo, mapu ali m'fonimo, koma kufunsa safuna. Safunsa anadya phula, koma pano amene anadya phulalo sanali iwo.

Chinkhoswe chinachitikira ku Lilongwe. Ine ndinaonera pa foni, zithunzi zikuduladula. Mng'ono wanga ndiye anaimirira m'malo mwanga, n'kulandira tambala kuchokera kwa akuchimuna, anthu akululutira. Tambalayo anakadya ndi ana ake. Ine anandisiyira udindo.

Ndipo udindowo ndimaudziwa bwino, sindinganame kuti sindinkaudziwa. Ndili mwana, makolo anga akayambana kwambiri, amalume ankabwera pa njinga. Sankafulumira kuweruza. Ankayamba ayendayenda pakhomo ngati munthu wosowa chochita, kusuzumira kukhitchini, kuona chitseko ngati chili pa mahinji ake, kuona nkhope zathu anafe. Kenako ankaitanira mayi kuseri kwa nyumba, awiriwiri, bambo kulibe. Atatero m'pamene ankakhala pansi ndi nkhoswe inzawo. Nkhoswe imagwira ntchito ndi mapazi ndi maso. Pakamwa pamabwera pomaliza. Ine anandipatsa unkhoswe wa pakamwa pokha, ndipo ndinaulandira chifukwa kukana kukanakhala kutukwana mtundu wonse.

Mwambo wa ukwati utatha, mwana wa mlongo wangayo anabwera kudzakhala ndi mwamuna wake. Ndege yake inatera kaye ku Toronto, pa bwalo limene lili pafupi ndi ofesi yathu moti ndege zikamanyamuka makapu amanjenjemera pa tebulo. Anasinthira ndege pomwepo. Sitinaonane. Iye anali ndi maola awiri okha, ine ndinali ndi malole oti ndiwatumize. Ndinamulembera uthenga kuti takulandira, tionana posachedwa.

Chaka choyamba kunkabwera zithunzi. Awiriwo atavala majekete akuluakulu, kumbuyo kwawo kuli mapiri oyera mbuu. Kenako chithunzi cha khanda, mwana wamwamuna. Mlongo wanga anandifunsa ngati ndapita kukaona mwana. Ndinati ayi. Anangoti "Hmm," ndipo "hmm" ameneyo ndinamumva bwino lomwe.

Madandaulo anayamba mwana ali ndi miyezi ingapo. Poyamba anali aang'ono, kapena ine ndinkafuna kuti akhale aang'ono. Ankaimba masana, mwamuna wake ali kuntchito, ine ndili pakati pa mafoni a madalaivala.

"Amalume, akumatenga makiyi a galimoto akamapita ku weki. Magalimoto tili nawo awiri, koma akuti ine ndilibe kopita."

Ulendo wina: "Foni yanga akumaicheka tsiku lililonse. Ndikamaliza kulankhula nanu ndidilita."

Ulendo winanso anandiuza kuti amuletsa kupita ku tchalitchi komwe anapeza anzake, amayi angapo a ku Chipata amene ankacheza naye m'chilankhulo chathu. Akuti amayiwo amamuphunzitsa mwano.

Ndinachita zimene nkhoswe imachita, mmene ndinkaganizira ine. Ndinaitanitsa bwalo. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi tinalumikizana pa vidiyo: ine ku Oshawa, awiriwo ku Calgary, nkhoswe ya kuchimuna ku Zomba komwe magetsi anali atazima, nkhope yake ikungooneka mano okha. Mkamwiniyo anakhala moyandikana ndi mkazi wake pa sofa, dzanja lili pa phewa pake. Analankhula mwaulemu woti munthu ungamupatse mwana wachiwiri.

"Ankolo, pepani takuvutitsani. Ndi sitiresi ya kuntchito basi, komanso winta ya kuno imabowa. Tizisota tokha."

Ndinamufunsa mwana wathuyo ngati ali ndi mawu. Anayang'ana pansi.

"Ndili bwino, amalume."

Mnzanga wa ku Zomba ananena mawu ake, theka tinamva, theka linathera m'njira. Ine ndinatseka ndi mawu amene tonse tinakula tikuwamva, akuti banja ndi kupirira. Tinapemphera. Ndinazimitsa foni ndili wokhutira ngati munthu amene walima ndime yake.

Mkazi wanga anali ataima kumbuyo kwanga nthawi yonseyo. Iye amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ntchito imeneyo inamuphunzitsa kuona zimene munthu sakunena.

"Mwaona mpango uja?" anandifunsa.

"Mpango wanji?"

"Mwana uja wakulunga mpango m'khosi, mwamuna wake ali pa kamalaya kopanda manja. M'nyumba imodzi. Mmodzi akumva chisanu, wina kutentha? Bambo, pitani mukamuone."

Ndinamukalipira. Ndinati nayenso wayamba kulankhula ngati a ku Mponela, ngati sadziwa kuti Calgary ili kuti. Anangotenga mbale zake n'kulowa kukhitchini.

Patapita milungu itatu mwana uja anaimbanso. Ulendo uno sanadandaule za makiyi kapena za foni. Ananena mawu ochepa.

"Amalume, bwerani. Mungobwera basi. Mudzakhale tsiku limodzi lokha."

Tsiku limenelo lole yathu ina inali itafera pamsewu, bwana ali pakhosi panga. Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyo umene ndinkasungira amayi ake ndi mtundu wonse ndinamukhuthulira iye. Ndinati kodi nawenso, amene wakwera ndege n'kuona ndi maso ako kukula kwa dziko lino, ukuganiza kuti ndingangotuluka ngati ndikupita kuchigayo? Ndinamuwerengera njira yonse monga ndinkachitira kawirikawiri, ngati mwana wa sukulu akulakatula ndakatulo. Kuchoka ku Toronto ukafike ku Sudbury. Kuchoka apo uzungulire nyanja yonse ija mpaka ku Thunder Bay. Ukatero Winnipeg. Ukatero chigwa chopanda ndi chulu chomwe mpaka ku Regina. Ukatero m'pamene uyambe kununkhiza Calgary. Ndinati ndege nayo ndi maola anayi, ndipo masiku a tchuthi sathyoledwa mumtengo. Ndinati dikira chisanu chithe.

Kenako anandipempha chinthu chimene ndinachiona chachilendo.

"Tabwerezani, amalume. Mwati Winnipeg, kenako chiyani?"

Ndinabwereza, ndikuganiza kuti tsopano wamvetsa.

Chisanu chinatha. Sindinapite. Miyezi yotentha ndi imene katundu amachuluka, ndinadziuza choncho. Koma ndinene zoona, popeza ndayamba kale: mwezi wa Julaye chaka chimenecho ine ndi mkazi wanga tinayenda maola asanu ndi limodzi pa galimoto kupita ku Montreal, ku ukwati wa mwana wa mnzanga wa ku Katete amene timapemphera naye. Ndinatenga masiku atatu a tchuthi. Ndinavina mpaka malaya kunyowa, ndinafupa, ndinajambulitsa pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha pa phiri. Zithunzizo ndinaika pa gulu la foni la banja lathu. Mwana uja anaziona, chifukwa anaikapo kachizindikiro ka mtima.

Kuyambira pamenepo mafoni ake anachepa, kenako anasiyiratu. Ine ndinati zinthu zakhala bwino. Mlongo wanga akafunsa ndinkati ana aja ali pa mtendere, bwalo lija linathandiza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, ine ndikusesa masamba pabwalo, ntchito imene ndimadana nayo chifukwa mtengowo si wanga, ndi wa neba. Galimoto ina yaing'ono yotuwa inadutsa pang'onopang'ono, inabwerera, n'kuima pakhomo pathu. Inali itadetsedwa moti mtundu wake weniweni sunkadziwika, galasi lakutsogolo lili tizilombo tofera pomwepo. Kutsogolo inalibe nambala, ndipo ine wa malole ndinadziwa pomwepo kuti yachokera kumadzulo, komwe nambala amaika kumbuyo kokha. Chitseko chinatseguka. Munthu anatuluka movutika, atagwira chitsekocho, miyendo ikukana kuwongoka.

Sindinamuzindikire msanga. Pamaso ndi pamaso ndinamuona komaliza ali ku sekondale, ali ndi masaya. Uyu anali mayi woonda, milomo yosweka, maso ofiira. Anagwada pa udzu wonyowawo monga anamulera amayi ake.

"Amalume, ndafika."

Ndinaima ndi chosesera masamba m'manja ngati chitsiru. Kumpando wakumbuyo kamnyamata kanayamba kulira. Mkazi wanga anatuluka akuthamanga wopanda nsapato, anamudzutsa, namukumbatira. Kenako anamugwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza pang'onopang'ono monga amachitira ndi okalamba ake. Zala ziwiri zinali zopindika, zinathyoka kalekale n'kupola zokha mokhota. Mkazi wanga anangondiyang'ana, dzanjalo ali chigwirire.

M'nyumba, atamwa tiyi, mwana atasamba n'kugona, anatiuza mwachidule. Mwamuna wake anapita kumpoto kokumba mafuta, kokakhala milungu iwiri. Iye anapeza kiyi wapadera wa galimoto yakaleyo m'nsapato ya mwamunayo ya nthawi yachisanu. Mmodzi wa amayi a ku Chipata aja anamuthirira mafuta, n'kumupatsa kamba ndi envulopu ya ndalama za panjira. Foni anaisiya pa tebulo chifukwa mwamunayo amatha kuona komwe ili. Adiresi yathu anaitenga pa khadi la Khirisimasi limene mkazi wanga anawatumizira. Anayenda masiku anayi ndi theka, akugona m'galimoto pafupi ndi malo omwetsera mafuta, mwana ali pachifuwa.

Ine, nkhoswe, funso loyamba limene ndinafunsa linali lakuti bwanji sanakwere ndege.

"Mapepala anga onse ndi a mwana anakatsekera ku ofesi kwawo. Ndi laisensi yomwe. Ndadraiva ndikupemphera kuti apolisi asandiimitse."

Munthu ameneyu anali asanayendetsepo galimoto kunja kwa tauni.

Masana ake ndinamuimbira mlongo wanga. Ndinatulukira panja kuti mwana wakeyo asamve. Ndinamufotokozera zonse, za zala, za mapepala, za masiku anayi ndi theka. Analira, ndipo ndinamusiya alire. Atatontholako ananena mawu amene anandimaliza.

"Ndiye achimwene, akapumula mumuperekeze kwa mwamuna wake mukakambirane ngati ankhoswe. Asakhalitse, anthu angayambe kulankhula. Mukhoza kupita mawa mukaweruka ku tchalitchi, n'kubwerako madzulo."

Ndinakuwa. Neba wanga, mzungu wokalamba amene sanandimvepo ndikukweza mawu, anasuzumira pa mpanda. Ndinamuuza mlongo wanga kuti iye ndi abale ake onse anatenga mwana n'kumuponya kutsidya kwa dziko osafunsa ngakhale funso limodzi, chifukwa anamva kuti mnyamata ali ku Canada ndipo malume ali ku Canada, basi nkhani yatha. Ndinati munamusiya yekha pakati pa anthu osawadziwa, inu n'kumagona tulo tabwino poganiza kuti ndikumuona pa zenera. Ndinati tambala munadya, nthungululu munaimba, mapu simunatsegule. Ndinati mwana ameneyu sabwerera, ndipo amene akufuna kukambirana ndi mkamwini akwere yekha ndege adzaone kuti kubwerako madzulo kumatanthauza chiyani. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, ndipo ndikhoza kuzinenanso lero.

Iye anangoyankha kamodzi, motsitsa mawu.

"Ife sitinkadziwa kuti n'kutali, achimwene. Inu mumadziwa."

Ndinadula foni. Kulowa m'nyumba sindinafune. Ndinapita pa galimoto ija kuti ndiisunthe pamsewu, ndiilowetse pabwalo. M'katimo munkanunkha mkaka wosasa ndi matewera. Pansi panali makoko a nthochi, mabotolo a madzi opanda kanthu, bulangete la mwana. Nditakhala pa mpando ndinaona kapepala komatidwa ndi selotepi pafupi ndi chiwongolero. Kanali kong'ambidwa m'kope, kolembedwa ndi bolopeni, mawu asanu otsikira pansi. Regina. Winnipeg. Thunder Bay. Sudbury. Toronto. Anayi oyambawo anali atadulidwa ndi mzere, umodzi umodzi.

Ndinakamatula n'kulowa nako m'nyumba. Ndinamupeza ali kukhitchini, mkazi wanga akumupaka mafuta m'mapazi otupawo. Ndinamuonetsa kapepalako, n'kumufunsa kuti anamulembera njira ndani, popeza foni analibe.

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chinthu chodziwikiratu. M'mawu ake munalibe mwano, ndipo mwina mukanakhala mwano zikanandipepukira.

"Ndi inu, amalume. Tsiku lija munanditchulira kawiri. Ine ndinangoyambira kumapeto."

Pano papita zaka ziwiri. Amakhala nafe mpaka lero, m'chipinda chapansi, ndipo akuphunzira za unamwino pa koleji ya konkuno ku Oshawa. Zala zija madokotala anati zinachedwa, sizingawongokenso bwino. Mlongo wanga timalankhulana pa Khirisimasi ndi pa maliro. Ndikadali wokwiya naye, ndikadali wokwiya ndi mkamwini uja, ndi mng'ono wanga wodya tambala, ndi dziko lino limene linamwaza mizinda yake ngati munthu wofesa mapira ali woledzera. Koma kapepala kaja ndinakaika m'dirowa ya kuntchito, pansi pa kompyuta. Lolemba lililonse m'mawa ndimatumiza malole ku Calgary, ndipo madalaivala ake amakafika Lachinayi, ena Lachitatu madzulo.